Majombo anu akhalabe pakhonde

Anambewe, lero chakwana chaka chitisiyireni. M'sewero lathu loseketsa la pa TV munali landilodi wovala majombo ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndipo Zingwangwa yonse inkakudziwirani majombowo. Ndakumbuka tsiku lija tinaitana woyimba wotchuka kuti adzaonekeremo kamodzi. Anafika mochedwa, atavala magalasi akuda, ife tonse tikunjenjemera naye. Inu simunkamudziwa n'komwe. Kamera ikujambula, munamupatsa tsache n'kumuuza kuti, "Iwe mwana, vula zakumasozo. Pano aliyense amasesa kubafa, ndipo lero ndi tsiku lako." Mawu amenewo sanali m'zimene ndinalemba ine. Mnyamata wa anthu anasesadi, akuseka mpaka misozi.

Dzulo mabwana a ku TV anandiuza kuti tipeze mayi wina alowe m'malo mwanu, ati anthu sachedwa kuiwala. Ndawakanira. Akafuna kutichotsa atichotse, tizijambula ndi foni. Sewero lipitirira, amayi, ndipo majombo anu azioneka pakhonde m'gawo lililonse. Wotchuka aliyense wobwera aziyamba wasesa kubafa, koma m'majombomo palibe amene adzapondemo phazi.