Mayi Amene Anazula Zenera ku Nhartanda

Ku Matundo, tsidya lina la Zambezi, ukafunsa kwa Dionísia salimbana n'kukuperekeza. Amangoti, "Tsata msewu wa malori, ukaona nyumba ya zenera lopanda chitseko, wafika." Ndipo sanama. Fumbi limalowa momwe lafunira, udzudzu nawo uli ngati kwawo, koma mwini nyumba amati bola udzudzu, poti umayamba wakuimbira usanakulume.

Dionísia anabadwira ku Angónia. Nkhondo inathamangitsira banja lawo ku Ntcheu iye ali kamtsikana, ndipo anakulira kumsasa wa othawa kwawo, komwe anaphunzira kuti wofatsa pamzere amabwerera ndi mbale yopanda kanthu. Mtendere utabwera mu 1992 anzake anabwerera kuminda, koma iye khasu silinamukole mtima. Anatsikira ku Tete, mzinda wotentha ngati ng'anjo ya njerwa, nayamba kuphikira madalaivala a malori. Mmodzi wa iwo, Castigo, anadya nsomba zake mpaka anaiwala njira ya kwawo. Anakwatirana, nabereka mwana mmodzi, Nilza.

Castigo anali munthu wokonda tizida tachilendo. Ulendo wina anabwera ndi kambaula ka gasi, kaja alendo amanyamula akamakagona m'matenti kutchire: kabotija, ndiye kabotolo kachitsulo ka gasi, pansi, kambale kofiirira pamwamba. Anthu a ku Matundo anaseka mpaka kugwira nthiti. Mbaula yootha ku Tete? Koma iye ankadziwa chisanu cha kumapiri. Mwezi wa Julaye lori lake linachedwa pamalire a Zóbuè. Anayatsa kambaulako m'kati mwa lori, nakweza magalasi onse, nagona. M'mawa anzake anagogoda, anafuula, mapeto ake anaswa galasi. Anamupeza ali gone ngati munthu wokhuta, wopanda bala ngakhale limodzi.

Pamaliro abale ake a malemuyo anayamba kunong'ona. Munthu wamphamvu zake safa chonchi, ankatero, uku akuponya maso kwa mkazi wamasiye. Dionísia analira, inde, analira mpaka mawu kusasa, koma kulira sikunamutseke makutu. Dokotala anali atamuuza kuti moto umapuma ngati munthu. Ukautsekera umatha mpweya wabwino, kenaka umayamba kutulutsa wina wosaoneka, wosanunkha, umene umagoneka munthu tulo tosadzuka. Abale aja atafuna kukataya kambaulako mumtsinje, ati n'kolodzedwa, iye anakalanda.

"Sikanamuphe ndi ufiti," anatero. "Anafa chifukwa chotseka magalasi. Mukufuna mfiti, kafuneni kwina."

Maliro atatha anazula chitseko cha zenera la nyumba yake, ndipo sanachibwezerenso. Kambaula kaja mpaka lero amafunditsira anapiye m'mamawa mwezi wa Juni, mphepo ikulowa ndi kutuluka. Zaka zitapita anapeza bambo wina, Limbani, Mmalawi wobweretsa mbatatesi kuchokera ku Mwanza. Sanakwatirane kutchalitchi, sanabisalenso. Amene ankafuna kunena ananena, iye n'kumangoti, "Ndinalira mokwanira. Wina alire mbali yake."

Nkhani imene anthu amamukumbukira nayo inachitika ku Nhartanda, kuchidikha cha m'mbali mwa mtsinje, komwe Nilza anakwatiwa ndi mnyamata wotchedwa Leonildo. Ankakhala ndi mayi ake a mnyamatayo, a Ermelinda, mayi wa ku Tsangano wosunga mwambo ngati mchere. Sindinganene kuti anali woipa mtima. Anatayako khanda ndi chibayo ali mtsikana, ndipo kuyambira pamenepo mdani wawo wamkulu padziko anali mphepo.

Nilza anachira mwezi wa Juni, mwana wamwamuna, wochepa thupi poti anafulumira kubadwa. Atatuluka kuchipatala, a Ermelinda anamulowetsa m'chikuta, m'kachipinda komwe mayi ndi khanda amabindikira mpaka mchombo utagwa. Kale ankasonkhamo moto wa nkhuni, m'nyumba zaudzu zimene zimapuma zokha. Koma iyi inali nyumba ya njerwa ndi malata, ndipo Leonildo, pofuna kuonetsa kuti ndi bambo wamakono, anagula mbaula ya gasi. Mayi ake anakhomerera zenera lamatabwa ndi misomali, anatseka ming'alu yonse ndi sanza, pakhomo napachikapo bulangeti.

Dionísia anawoloka mlatho m'mawa pa chapa, minibasi ya kumeneko, nkhuku kukhwapa, sopo ndi zitenje m'thumba. A Ermelinda anamuchingamira pabwalo, nalandira nkhuku, naima pakhomo ngati mtondo.

"Mwafika bwino, asewere, koma m'chikuta simulowa. Tonse tikudziwa kuti kwanu kuli bambo. Mungatsemphe mwana."

Mwambowo Dionísia ankaudziwa. Munthu amene akukhala malo amodzi ndi mwamuna sayandikira khanda losatuluka, ati lingadwale. Zinamupweteka, poti mwana wake wobala yekha pamodzi ndi mdzukulu wake woyamba anali kuseri kwa khoma, koma anangokhala pakhonde. Pakhomo pa eni sukwezerapo mawu pa tsiku loyamba.

Ali chikhalire anamva kaphokoso kakang'ono m'chipindamo, koti sii ngati njoka. Kaphokoso kameneko ankakadziwa kuposa mawu a mwamuna wake wakale.

"Asewere, muli chiyani umo?"

"Akesedori, mbaula ya gasi. Leonildo wagula yatsopano. Mwana wafunda bwino, chitulukire dzuwa sanalireko n'kamodzi komwe. Kufatsa ngati bambo ake."

Dionísia anadzambatuka pakhondepo. Anazungulira kuseri, naona misomali pazenera ndi sanza m'ming'alu. Anamenya matabwawo ndi chikhatho.

"Nilza! Iwe Nilza!"

Yankho linachedwa, ndipo litabwera linali lolemera ngati la woledzera. "Mamã... mutu. Mutu ukuwawa. Ndisiyeni ndigone pang'ono."

"Zimitsa mbaulayo! Dzuka!"

A Ermelinda anali atamulondola. "Wochira kumene amagona, asewere. Musatibweretsere phokoso la ku Matundo kuno."

"Tsegulani chitseko."

"Nada, sinditsegula. Mphepo ya kumtsinje ilowe pa kamwana kotere? Ine ndinaika kale mmodzi."

"Inenso ndinaika mmodzi, wandevu zake. Mwati ine ndisalowe, chabwino, sindilowa. Koma mphepo ilibe mwamuna, iloweko iyo."

Pakhoma panali khasu. Mayi amene anathawa munda ali mtsikana analigwira tsiku limenelo ngati anabadwa nalo. Analowetsa msonga pakati pa thabwa ndi njerwa, nakanikiza ndi thupi lonse. Misomali inalira. A Ermelinda anamukoka nsalu, akukuwa kuti anthu abwere adzaone mfiti imene inadya mwamuna wake, lero yabwerera mdzukulu. Anansi anathamangira kumipanda. Dionísia sanacheuke. Anakanikizanso, ndipo zenera lonse linazuka ndi mafelemu ake n'kugwera pamapazi ake.

Mpweya wotentha, wolemera, unamuwomba kumaso. Lawi la mbaula, limene limayenera kukhala labuluu, linali lachikasu, likuphethira. Anapisa mkono pabowolo, mapazi ali panja ndithu, nafikira kabotija, natseka gasi. Nilza anali chigonere pamphasa, maso ali otsinzina pang'ono. Khanda linali pambali pake, manja ali lende.

Leonildo anatulukira akuthamanga kuchokera kumsika. Dionísia sanamupatse mpata wofunsa.

"Mkamwini, ine andiletsa kulowa. Iwe lowa. Tulutsa mkazi wako ndi mwana, pompano, upite nawo kuchipatala."

Mnyamatayo anayang'ana mayi ake, nayang'ana pabowo paja, nang'amba bulangeti pakhomo. Atatulutsa khandalo padzuwa, mphepo ya kumtsinje, ija a Ermelinda ankaiopa, inaliwomba pankhope. Linakwinya kamphumi, linatsegula kukamwa kopanda mawu, kenaka linalira kulira kopyapyala ngati kamwana ka mbuzi. Dionísia anakhala pansi pafumbi.

Kuchipatala anawasunga, ndipo onse awiri anachira. Musaganize kuti pamenepo a Ermelinda anabwera ndi nkhuku yopepesera. Iwo anaima pa mawu awo: chikuta chaswedwa, mwana watuluka mchombo usanagwe, ndipo waswa ndi munthu wosayenera. Analamula kuti Dionísia abweze zenera, apepese pamaso pa akuluakulu, apo ayi pa tsiku lotulutsa mwana asadzapondepo.

Koma zeneralo linali litawoloka kale mlatho. Dionísia analisenza pamutu tsiku lomwelo, nakangana ndi kondakitala wa chapa mpaka analikweza. Analiimika kuseri kwa khola la anapiye. Leonildo atabwera kudzalipempha, mwaulemu, chipewa m'manja, anamuphikira tiyi namuuza kuti, "Chisanu chikatha udzatenge. Kupepesa ndiye ayi. Ukawauze amayi ako kuti ndikapepesa, mawa adzakhomanso."

Tsiku lotulutsa mwana linafika, ndipo Dionísia sanaitanidwe. Anavala chitenje chake chatsopano, anakwera chapa, nakaima pamsewu kunja kwa mpanda, poti msewu ulibe mwini. Azimayi ankalulutira m'katimo, ena akumusuzumira n'kumakodolana. Iye sanagwetse nkhope. Pabowo paja anali atapachikapo ukonde wa udzudzu, ukugwedezeka ndi mphepo.

Kenaka mwana analira. Sikunalinso kulira kwa kambuzi, kunali kukuwa kwaukali, kwa munthu wosafuna kusambitsidwa. A Ermelinda anamveka akumutonthoza, "Khala chete, khala chete, bambo."

Misozi inatsika pamasaya a Dionísia, ndipo sanaipukute. Anakweza mawu kuti adutse mpanda, aliyense amve.

"Musiyeni alire! Lira, mdzukulu wanga, lira ndithu. Agogo ako aamuna anapita ali chete."