Pepala Lokulungira Mandasi

Mwana wanga wamkazi atapeza malo ku koleji ya zaluso ya kuboma kuti aphunzire zamagetsi, ndinagwada pakhonde pomwepo kuthokoza Ambuye. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndiye kumuona atavala ovololo, mawaya ali m'manja, mtima unkachita kundivinira.

Chaka chachiwiri bambo ake anatisiya. Maliro atatha anabwerera kusukulu, koma ankangolira m'kalasi, chakudya osachikhudza. Mphunzitsi wake wina wachifundo anamuuza kuti pakolejipo pali ofesi ya uphungu, yothandiza ophunzira amene ali ndi nkhawa. Mayi a mu ofesimo anamupatsa mapepala, ati alembe zonse zomuvuta mumtima, ndipo wowerenga akhala iwo okha. Atandiuza pafoni ndinati lemba mwanangu, Mulungu amathandiza kudzera mwa anthu.

Patapita miyezi itatu ndinangomuona akutsika minibasi kwathu kuno pa Liwaladzi, chikwama kumutu, sukulu isanatseke.

"Amayi, sindibwererakonso."

"Akuchotsa?"

"Ayi. Awerenga anthu onse."

Anatha masiku awiri asanandifotokozere. Ofesi ija ankaipenta, ndiye mapepala anawatulutsa m'katoni, wantchito wina n'kukawapatsa mayi wogulitsa mandasi pageti kuti azikulungira. Anyamata a m'kalasi mwake anagula mandasi, n'kupeza dzina lake papepala. M'mawa mwake akulowa mophunzirira, wina anakuwa kuti, "Alongo, paja bambo anu amakuyenderani kutulo? Akabweranso mutiperekereko moni!" Kalasi yonse inafa nacho chiseko.

Ndinavala chitenje changa chakutchalitchi n'kukwera minibasi. Pageti ndinawapeza mayi a mandasi aja, achisilamu, amsinkhu wanga, mulu wa mapepala ataupsinja ndi mwala pambali pa beseni. Ndinatola lapamwamba. Silinali la mwana wanga. Linali la mtsikana wina, akufotokoza za mimba imene makolo ake sankaidziwa, dzina lili poyera. Pakona panali patalowa kale mafuta, ntchentche zikuterapo. Ndinalavula m'ngalande.

Nditawauza zimene zinalembedwamo, mayiwo anagwira pakamwa.

"Mayi anga, ine kuwerenga sindidziwa. Anangoti ndi otha ntchito. Ndiye ndakhala ndikugulitsa misozi ya ana a eni?"

Anasonkhanitsa onse, ndi ena amene anali m'jumbo, n'kundipatsa ndi manja awiri. Mulungu awadalitse kumene ali.

Mu ofesi munkanunkha penti watsopano. Pakhoma anali atabwezerapo chikwangwani chonena kuti zokambirana m'menemo ndi zachinsinsi. Mayi a uphungu aja anali pafoni, akudya chipisi. Ndinaima mpaka anamaliza, n'kuika jumbo patebulo, n'kuwauza kumene ndinawapeza mapepalawo.

"Aaa, mayi, amenewo si ine ndinatulutsa, ndi opentawo," anatero akupukuta zala. "Komanso ana a masiku ano amakulitsa zinthu. Mukamuuze abwere adzalembenso."

Adzalembenso! Pepani sanatuluke pakamwa pawo. Jumbo lija sanalitsegule n'komwe kuti aone ndi ana angati. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, inu muli ndi mwana?" Anayang'ana foni yawo. Ndinanyamula jumbo langa n'kutuluka, poopa kuti ndingayankhule zosayenera chitenje chimene ndinavala.

Kunyumba mwana wanga anafufuza n'kupeza masamba ake atatu. Anati analemba asanu. Ine sindinawerengeko ngakhale mzere umodzi. Tinawotcha onse kuseri kwa bafa, ake ndi a anzake omwe, ndipo ndinapempherera mwana aliyense amene dzina lake linkapsa pamenepo.

Mphunzitsi wachifundo uja ankaimba foni tsiku ndi tsiku, mpaka mwana anabwerera mayeso atayandikira. Anakhoza. Lero amalumikiza magetsi m'nyumba za anthu mpaka ku Dwangwa, ndipo pa ichi sindileka kuthokoza.

Koma anabwerako ali wina. Kale ankandiuza zonse tikupeta mpunga. Tsopano ndikamuona maso ali ofiira n'kufunsa kuti chavuta n'chiyani, amangoti, "Ndili bwino, amayi," n'kutembenukira kwina. Kutchalitchi tikafika pa mawu opempha kuti tikhululukire otilakwira, ndimakumbukira mayi a mu ofesi aja. Ndimawanena ndithu, koma amatuluka movuta.