Kamluzu ka mu ampu ya a Lidi

Dzina lawo lenileni ankalitchula ndi mkazi wawo yekha, nayenso akapsa mtima. Ena onse ankangoti a Lidi, poti gitala ya lidi, yotsogolera nyimbo, ndiyo inali ntchito yawo kuyambira tsitsi lili lakuda. Bandi inali ya alamu awo, woimba patsogolo, ndipo ankasangalatsa anthu m'maukwati ndi m'mabala a denga la malata.

A Lidi anali ndi kachitidwe kawo. Ampu, chibokosi chokuzira mawu chija, sankaiika pansi ngati anzawo. Ankaikweza pampando, kumbuyo kwa khutu lawo, chifukwa wang'oma ankamenya ngati ali ndi mlandu ndi ng'omazo. Nkhani ya mapikapu ndiye musawayambe dala. Mapikapu ndi timaginito tokulungidwa ndi koyilo ya waya tili pansi pa nsambo za gitala, timene timatola mawu. Iwo ankakonda a koyilo imodzi, a mawu akuthwa, oboola phokoso la mowa mpaka kufika kwa mlonda pageti. A makoyilo awiri ankawanyoza kuti amalankhula ngati munthu wachimfine.

Zaka zikupita, batani la tirebo, la mawu osongoka, linayamba kukwera pang'onopang'ono. A Lidi ankati ampu ikukalamba. Anasintha sipika, osathandiza. Kunyumba mkazi wawo ankadandaula kuti wailesi ya m'nyumbamo akuimvera ndi anansi, iwo n'kumati mayiwa ayamba kulankhulira m'mphuno. Koma anthuni, munthu wamakani ngati ameneyo!

Kenaka alamu aja anapeza mwayi wojambula nyimbo ku situdiyo, ndipo sanabise mawu.

"Alamu, kumeneko kulibe oledzera otiombera m'manja. Gitala ikakanika, wojambula ali ndi munthu wake. Ndipo amene amveke m'nyimbozo ndi amene tiziyenda naye."

A Lidi anaseka, koma mantha anawagwira. Ntchito ina sankaidziwa.

Chipinda cha ku situdiyo chinali chaching'ono, makoma omata masiponji, chitseko cholemera. Wojambula anali mayi wosachuluka mawu, wokhala kuseri kwa galasi. Anatsitsa ampu pampando, n'kuimika maikolofoni patsogolo pake. Chitseko chitatsekedwa kunati zii, ndipo m'bata limenelo a Lidi anamva kamluzu kakang'ono, kosalekeza.

"Pali chikulira," anatero, ataimitsa nyimbo pakati.

"Kuno sichikufika, bambo," anayankha wojambula. "Chikufika ndi tirebo. Yachuluka, ikubaya m'makutu. Pasiteji imabisala m'phokoso, koma maikolofoni iyi imatola zonse."

Mayiyo analowa n'kutsitsa batani. Atangotembenuka, a Lidi analikwezanso, chifukwa kwa iwo gitala inkamveka ngati ili m'thumba la chimanga. Anakokanakokana choncho mpaka dzuwa kupendeka, osajambula ngakhale nyimbo imodzi. Alamu anangotuluka osatsanzika.

A Lidi anaganiza kuti wolakwa amudziwa. Aliyense wa gitala amadziwa kuti mapikapu a koyilo imodzi amatola kulira kwa magetsi. Mmawa mwake anapita kwa wokonza magitala, anagula a makoyilo awiri, omwe aja ankawanyoza. Anayala gitala pathebulo la pabalaza, n'kumasula mapikapu amene anakalamba nawo. Analumikiza atsopanowo ndi chitsulo chowotcherera mawaya. Zinawawawa kwambiri, ndipo mkazi wawo atafunsa ngati abweretse tiyi, sanayankhe. Mayiyo anayesa kuti akwiya. Ayi, sanamve.

Atabwerera ku situdiyo a Lidi analumikiza gitala, chitseko chinatsekedwa, kamluzu kaja n'kuyamba pomwepo.

"Ndiye ndi mawaya anu a muno," anatero mokalipa. "Ine mbali yanga ndakonza."

Wojambula sanatsutse. Analowa, anawapempha kuti ayang'ane kukhoma, atseke maso, amvetsere bwino kumene kukuchokera kulirako. Alamu ndi wang'oma anaima pakhomo.

"Nanga pano, bambo?"

"Kakulirabe."

"Pano?"

"Ndati kakulirabe. Mwagontha kodi nonsenu?"

A Lidi anatembenuka. Kagetsi kofiira ka pa ampu kanali kozima. Chingwe cha gitala chinali m'manja mwa mayiyo, pulagi ya ampu ili gone pansi, yozulidwa kukhoma. M'chipindamo munalibe chilichonse choyaka, koma kamluzu kankalirabe bwinobwino, m'mutu mwawo. Anakhala pa ampu yomweyo. Manyazi anawagwira kuposa mantha.

"Zala zanu zilibe vuto," anatero wojambula motsitsa mawu. "Mabatani ndisiyireni ine. Inu muzingoimba."

Anatchera ampu mmene ankafunira, n'kumata tepi pamabatani onse kuti dzanja lisapiteko. A Lidi anavala mahedifoni. Chimene ankamva chinali chiphokoso chakutali, ngati bandi ikuimbira nyumba yoyandikana nayo. Anangotsata phazi la wang'oma ndi maso, zala n'kumayenda m'njira zimene zinazolowera. Kuseri kwa galasi mitu inayamba kugwedera. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri, yachitatu, popanda wowaimitsa.

Pomvetsera zimene anajambula, alamu anali kumwetulira mpaka mano onse panja. Ntchito ya a Lidi inali itapulumuka, ndipo aliyense anaona zimenezo. Alamu anawagwira paphewa, n'kuwalankhula pafupi ndi khutu, mokweza, monga amachitira ndi okalamba.

"Apa ndiye mwabwerera, alamu. Gitala yanu inasiya kalekale kumveka chonchi."

A Lidi anawayang'ana.

"Kalekale liti?"

Kumwetulira kuja kunatha.

"Ndikufunsa. Maukwati onse aja ndinkaimba chiyani?"

"Tinkatsitsa gitala yanu pa mikisa yosakanizira mawu," anatero wang'oma, maso ali pansi. "Anthu ankagwira m'makutu. Achemwali anu... akazi awo a bwanawa, anatipempha kuti tisakuuzeni."

Wojambula anafunsa ngati angapitirize ndi nyimbo yachinayi nthawi isanathe. A Lidi sanamve funsolo, koma anaona anzawo akubwerera m'malo mwawo, nawonso ananyamula gitala n'kuvala mahedifoni.