Masiliva Amene Achemwali Anga Anandisenzetsa

Inu owerenga, ine ndinagonapo m'chitokosi cha apolisi masiku anayi chifukwa cha ndalama zachitsulo, zija timangoti masiliva, zimene zikagwa pamsewu ena satola n'komwe. Kulakwa kwanga ndikuvomera: ndinakhulupirira munthu osamufunsa funso ngakhale limodzi, ndipo ndinanamiza anthu amene ankandidalira. Munthu amene anandilowetsa m'zimenezi sanali mlendo ayi. Anali achemwali anga, obadwa nawo bere limodzi, amene ankandibereka kumbuyo ndili khanda.

Nthawi imeneyo ndinkakhala pa boma pa Mwanza ndi amuna anga, omwe ndi akalipentala, komanso ana athu awiri. Ndinkagwira ntchito yogulitsa madzi pa kiyosiki ya m'dera lathu. Amayi ankabwera ndi zidebe, n'kulipira ndi ma teni kwacha kapena ma faifi kwacha achitsulo. Tsiku lililonse masiliva ankadutsa m'manja mwanga, ndipo komiti ya madzi inkandikhulupirira chifukwa sindinasowetsepo kalikonse.

Mliri wa korona utafika, masiliva anayamba kuchepa. Zifukwa zake tonse tinkaziona ndi maso. Sukulu zinatsekedwa, ndiye ana sankagulanso masiwiti ndi zitumbuwa pa nthawi yopuma. Kutchalitchi anthu ankapita ochepa, mbale ya chopereka n'kubwerera yopepuka. Kubanki ankalowetsa anthu pang'onopang'ono, moti eni magolosale anatopa ndi mizere n'kumangosunga masiliva awo m'zitini. Ena ankaopa kuwagwira kumene. Ndalama zija zinangogona m'nyumba za anthu. Koma panali chifukwa china chimene sitinkachidziwa, ndipo ine ndinadzakhala mbali yake.

Achemwali anga ankachita geni yodutsa malire. Ankapita ku Zobue, m'dziko la Mozambique, kukatenga zitenje ndi mafuta ophikira, n'kumagulitsa pamsika. Malamulo a mliri atakhwima pachipata, geni yawo inaima. Tsiku lina masana anabwera pa kiyosiki, anakhala pa benchi, n'kundiuza kuti apeza njira yoti tonse tipulumukire. Anati masitolo akuluakulu a ku Blantyre akusowa chenje, ndipo akugula masiliva powonjezera kangachepe pamwamba. Ntchito yanga inali yongosonkhanitsa. Iwo azindipatsa ndalama zapepala zoti ndizibwezera m'thumba la komiti, ndipo kowonjezerako tizigawana.

Tsiku lomwelo anandipempha chiphaso changa cha unzika. Anati chawo chasowa, koma akufuna kulembetsa layini yatsopano ya foni yoti azilankhulira ndi eni masitolowo. Ndinachitulutsa m'kachikwama n'kuwapatsa. Anabweza mawa lake, ine n'kuiwalako.

Poyamba ndinkangopatula masiliva a pa kiyosiki. Kenako achemwali anati sakukwana, ndiyambe kufunsa amayi a pamsika ndi a m'mudzi. Ena ankakana, amati awasungira chenje. Apa ndi pamene achemwali anandiphunzitsa bodza: ndiziwauza kuti kachilombo ka korona kamakhalitsa pa chitsulo kuposa papepala, ndipo wosunga masiliva m'nyumba akusunga matenda. Inu owerenga, ine si dokotala, ndipo sindinamve zimenezi kuchipatala kapena pa wailesi. Koma ndinazilankhula molimba mtima ngati ndikuzidziwa. Amayi anayamba kubwera okha ndi timipukutu ta masiliva tomanga pa nsonga ya chitenje, ena kuchokera kwathu kwa Kanduku, akundithokoza kuti ndawapulumutsa.

Pasanathe miyezi iwiri, m'dera lathu chenje chinasoweratu. Mayi amabwera ndi fifite kwacha yapepala kudzatunga chidebe chimodzi, ine n'kumuuza kuti chenje palibe, atunge zidebe zambiri kapena abwerere. Ndinkanena zimenezi chitini chodzaza ndi masiliva chili pansi pa benchi yomwe ndakhalirayo. Ena ankabwereradi, n'kukatunga madzi akuda kudambo, nthawi imene aliyense ankauzidwa kuti azisamba m'manja pafupipafupi.

Panali a Naphiri, mayi amene ankagulitsa mchere ndi machesi m'timapepala ting'onoting'ono pafupi ndi kiyosiki. Malonda awo onse ankayenda ndi masiliva. Tsiku lina anandiuza kuti apita kwawo asanagulitse kanthu, chifukwa aliyense akubwera ndi pepala ndipo iwo alibe chobweza. Anandifunsa ngati ndingawasinthireko pang'ono. Ndinawayankha kuti nanenso ndilibe. Anandiyang'ana, n'kumanga katundu wawo. Ine ndinadzitonthoza kuti achemwali sangandichititse chinthu choipa.

Masiliva onse ndinkawapereka kwa achemwali, ndipo iwo ndi amene ankadziwa za ulendo wake. Koma Lachinayi lina m'mawa anandiimbira foni akutsokomola. Anati akumva kuphwanya m'thupi, akuopa kuti mwina ndi korona, sangatuluke m'nyumba. Anandipempha kuti ndiperekeze matumba awiri a mtedza kwa dalaivala wa thiraki amene waima kumalire, yemwe akubwerera ku Blantyre. Anati masiliva awaika pakati pa mtedzawo poopa akuba. Ndinawamvera chisoni. Ndinawagulira mandimu ndi jinja, n'kuzisiya pakhomo pawo pamene ndinkatenga matumbawo.

Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto, bambo wina amene achemwali ankakonda kumutuma. Titafika pamene mathiraki amaima, ndinapeza galimoto ija mogwirizana ndi nambala imene anandiuza. Koma ndinadabwa kuona kuti ili pamzere wa zotuluka, yaloza ku Mozambique, osati ku Blantyre. Ndisanaganize bwino, amuna awiri ovala wamba anandigwira pamkono n'kundionetsa ziphaso zawo. Anali apolisi. Mmodzi anaboola thumba ndi mpeni. Mtedza unakhuthuka, kenako masiliva anayamba kugwa pa tala, phokoso lake anthu onse n'kutembenuka. Dalaivala wa thiraki uja anakana kuti sandidziwa.

Kupolisi ndi kumene ndinamva zoona zake. Kunalibe sitolo ya ku Blantyre. Masiliva aja ankawoloka malire kupita kwa anthu amene amawasungunula n'kupanga mphete ndi zibangili. Wapolisi anandionetsa mphete ziwiri zimene anagwira kwa munthu wina, n'kundiuza kuti kuwononga ndalama za dziko ndi mlandu waukulu. Ndinalira, n'kufotokoza kuti katunduyo ndi wa achemwali anga, ine ndangotumidwa. Anandiwerengera nambala ya foni imene inkapangana ndi ogula a kutsidyako. Ndinati eya, imeneyo ndi nambala ya achemwali. Wapolisiyo anatembenuza pepala kuti ndione. Nambalayo inalembetsedwa m'dzina langa, ndi chiphaso changa.

Anawaitanitsa achemwali. Anafika masana omwewo atavala bwino, masiki ili pakamwa, osatsokomola ngakhale kamodzi. Mtima wanga unakhala pansi nditawaona, ndinkati abwera kudzanditenga. Anakhala pampando, n'kunena mofatsa kuti: "Bwana, mwanayu ndakhala ndikumuletsa za masilivazi, koma samva. Funsani aliyense pamsika, akuuzani amene amasonkhanitsa."

Ndinafuula kuti, "Achemwali, ndi inuyo mukunena zimenezi?" Sanandiyang'ane. Anakonza chitenje chawo, anatsanzika apolisi mwaulemu, n'kutuluka.

Ndipo apolisi atafunsadi pamsika, aliyense anatchula ine. Ananama pati? Ndine amene ndinkayenda khomo ndi khomo. Ndine amene ndinkaopseza anthu ndi matenda. Achemwali sanalandirepo siliva ngakhale imodzi pamaso pa munthu.

Kukhoti anandipeza wolakwa, n'kundilamula kulipira chindapusa apo ayi ndikagwire ukaidi. Amuna anga anagulitsa mbuzi zathu zonse ndi zipangizo zawo zina zaukalipentala kuti ndisapite kundende. Sanandikalipire, koma kwa miyezi ingapo ankagwira ntchito ndi sowo yobwereka, ndipo ine ndinkalephera kuwayang'ana kumaso. Komiti ya madzi inandichotsa ntchito. Ndikamadutsa pamsika ndinkamva anthu akunong'onezana kuti "mayi wa masiliva uja ndi ameneyu." Mwana wanga wamkazi anasiya kupita kokatunga madzi chifukwa anzake ankamuseka.

Ndinapita kukapepesa kwa a Naphiri. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anati: "Za kupolisizo ine sindikuzidziwa. Chimene ndikudziwa n'choti tsiku lija ana anga anagona ndi njala, inu mutakhalira chitini."

Chimene chinandipweteka koposa ndinachimva patapita nthawi, kwa bambo wa kabaza uja. Tinakumana pa chigayo, ndipo anandiitanira pambali. Anandiuza kuti kutatsala masiku awiri kuti ndigwidwe, iye anawachenjeza achemwali kuti apolisi akufunsafunsa za matumba a mtedza. Achemwali anamuuza kuti asadandaule, ulendo uno apita wina. Iye sankadziwa kuti winayo ndine mpaka atandiona ndikukwera njinga yake, ndipo anachita mantha kulankhula. Inu owerenga, tangoganizani. Chifuwa chija chinali chabodza. Anadziwa kuti pamalire pali msampha, n'kusankha mng'ono wawo kuti akalowemo. Ine n'kumawagulira mandimu.

Nditakawauza mayi athu kumudzi, anangoti ndiisiye nkhaniyi, achemwali ali ndi ana anayi, ndisachititse banja manyazi. Ngati kuti ine ndilibe ana. Achemwali anasamukira ku Blantyre chaka chomwecho. Tinaonana kamodzi kokha, pa maliro a amalume. Anandipatsa moni pamaso pa anthu akumwetulira, n'kundifunsa kuti ana ali bwanji. Mpaka lero sananenepo mawu oti pepa.

Panopa ndimagulitsa tomato ndi masamba pakhomo panga. Anthu ena anayambiranso kundigula, ena amadutsa.

Ndiye ndikukupemphani, inu amene mwawerenga mpaka pano. Chiphaso chanu cha unzika musabwereke munthu, kaya ndi mbale wanu, kaya ndi wa kutchalitchi kwanu, chifukwa chilichonse chimene angachite nacho chidzalembedwa pa inu. Musanyamule thumba limene simunalongedze nokha. Munthu akakubweretserani phindu losavuta, mufunseni kuti katunduyo akupita kwa yani, akukachita naye chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani iye mwini sakufuna kuonekera. Akakwiya ndi mafunso anuwo, dziwani kuti pali chimene akubisa. Ndiponso musafalitse nkhani za matenda zimene simunazimve kwa achipatala, pakuti ine bodza langa linatumiza amayi kukatunga madzi akuda.

Sindikukuuzani kuti muzida abale anu. Ine achemwali anga ndinkawakonda, ndipo mwina penapake ndimawakondabe. Koma tsiku limene ndinaima pamaso pa woweruza, anafunsa dzina langa lokha, ndipo pa benchi ya kumbuyo panakhala amuna anga okha.