Ulusi umene bambo anga sanaupeze

Ntchito ya m'chipinda cha opaleshoni ya maso ndinaipeza chifukwa anzanga ankaiopa. Titamaliza maphunziro a unamwino, anatitumiza atatu kuchipatala cha kwathu ku Ntcheu. A Sisita Mwale, oyang'anira chipindacho, atafunsa wofuna kugwira nawo, anzanga aja anangoti zyoli. Ine ndinakweza mkono. Ndinali ndi chifukwa changa: bambo anga ali ndi diso limodzi.

Anakagwira ntchito kumigodi ku Joni n'kubwerako opanda chipsera, kenako n'kudzabayidwa m'diso ndi phesi la chimanga m'munda mwawo ku Champiti. Kuchipatala anawasoka bwinobwino, n'kuwapatsa mankhwala odonthezera. Koma manja awo amanjenjemera, mayi anali atamwalira, ine ndinali kusukulu. Mankhwala ankathera patsaya. Pa ulusi panachita mafinya, diso n'kuwonongeka.

Ntchito yanga inali kutsuka zida, kuziphika m'makina a nthunzi, n'kuyala fosepsi, kasizasi ndi chogwirira singano pansalu yoyera. Ulusi wosokera diso ndi wochepa kuposa tsitsi. A Sisita ankati, "Ukagwa pansi usaufunefune. Tsegula wina."

Chaka chimenecho kunabwera dokotala wamaso wongocheza, atatenga ulusi wamtundu wina. Unali wopakidwa mankhwala opha tizilombo, amene amatuluka pang'onopang'ono pabala pomwepo.

"Odonthezera aja sitikusiya," anatero adokotala, "koma uwu umalondera bala ngakhale wodwala ataphonya."

Mawuwo anandibaya. Ndinangoganiza za bambo.

Masiku omwewo anabwera nawo a Ngozo, oyandikana nafe nyumba, amene anali limodzi ndi bambo kumigodi. Waya unawacheka diso akukonza khola la nkhumba. Anafika pagalimoto ya mwana wawo wa ku Lilongwe, akazi awo ali pambali, apongozi atanyamula bulangete ndi fulasiki. Anthu owadonthezera mankhwala anali mbwee. Komabe adokotala atayang'ana balalo anati, "Awa tiwasoka ndi watsopano uja."

A Ngozo atandizindikira anamwetulira. "Kodi ndi iwe, Tadala? Basi ndili m'manja mwa mwana wanga."

Ndinayankha mwaulemu, koma nsanje inandigwira. Chifukwa chiyani iwowo? Munthu woti ali ndi onse omusamala, ulusi n'kumupezanso yemweyo? Bambo anga analakwanji kuti avulale nthawi isanakwane?

Tinawatsuka diso, n'kuika kachitsulo kotsegula zikope. Adokotala anaika maso pa maikulosikopu n'kutambasula dzanja. Ndinatsegula paketi, ndinapanitsa singano pa chogwirira, ndinapereka. Mfundo iliyonse imene ankamanga, ine ndinkaona tsaya la bambo litanyowa ndi mankhwala. Sindinalakwitse kalikonse, koma potuluka malaya anali atanyowa ndi thukuta.

A Sisita ananditsatira kosambira m'manja. Nditawafotokozera za bambo ndi za nsanje yanga, sanandikalipire. Anangoti, "Mtima uwawe, palibe mlandu. Bola manja asadziwe."

A Ngozo anachira. Nditapita kumudzi ndinawaona kutchalitchi akuwerenga mawu kutsogolo, maso onse awiri ali gwa. Nsanje inabwereranso. Tili panjira yobwerera ndi bambo, ndinalephera kupirira.

"Ababa, ulusi umene anasokera a Ngozo ukanakhalapo kale, bwenzi inu mukuona."

Bambo anaima. "Unapereka ndi iweyo?"

"Eya."

"Wachita bwino. Sunaonepo kuti tikamapita kumsika Ngozo amayenda mbali yanga yakufayi? Njinga zamoto zimenezi amandionera ndi iyeyo. Akanachita khungu Ngozo, bwenzi tonse awiri tikungokhala pakhonde."

Sindinganene kuti nsanje inatheratu. Nthawi zina ndikamatsegula paketi ya ulusi imandigwirabe. Koma kuchokera tsiku limenelo, wodwala akagona patebulo sindifunsanso ngati akuyenera mwayiwo. Ndimadziwa kuti kwinakwake kuli munthu amene akudalira diso limenelo poyenda.