Chingwe cha Phazi la Tadala

Ndinanyamuka ku Marlboro, kuno ku Joni, Loweruka m'mawa, mtima uli m'mwamba. Basi ya ku Malawi inkachoka ku Park Station masana, ndipo ndinkafuna kupatsira nsapato za mwana wanga Tadala, amene anali atasankhidwa kupita kusekondale. Saizi yake sindinkaidziwa. Mayi anga kumudzi anamuyeza phazi ndi kachingwe n'kunditumizira. Ndinakakulunga m'kahanki, n'kuika m'thumba la siketi.

M'takisi ndinapereka marandi makumi awiri, m'mimba muli pepuu ndi njala koma osatulutsa mawu. Chichewa ku Joni sitiyankhula paliponse.

Ku Joubert Park ndinaima pa anti Asiyatu a ku Mangochi, ogulitsa tiyi ndi magwinya, mandasi a kuno. Ndinawauza kumene ndinkakagula nsapato.

"Ku Small Street? Kale munkadutsa magalimoto mmenemo," anatero akundithirira tiyi. "Anatseka kuti azungu azigula mosatekeseka. Pano iwowo anathawira ku Sandton, tatsala ife ndi akuba. Chikwama patsogolo, mwana wanga!"

Abale, kamsewu kopanikiza ngati khola! Uku nyimbo, uku mnyamata akukuwa mitengo pamaikolofoni, zidole zopanda mitu zitavala bwino kuposa ine. Masitolo ndi a Aitiopiya ndi Apakisitani, malata a pakhomo ali chire kutsekedwa. Chikwama ndinachikumbatira pachifuwa. Wina anandigunda phewa n'kupepesa mwaulemu kwambiri.

M'sitolo ya nsapato ndinapisa m'thumba. Kahanki kulibe! Wakubayo ankayesa muli ndalama. Ndinaimba kumudzi, foni ya mayi inali yothima. Amatchaja tsiku la msika basi.

"Usayizi bani, mama?" anafunsa mtsikana wogulitsa.

Ndinatambasula manja, kumuonetsa phazi la Tadala mmene ndinkalikumbukira. Anabweretsa tinsapato ta mwana wa kumkaka.

"Ayi, akupita kusekondale," ndinatero.

Anandiyang'ana. "Ndi mwana wanu weniweni?"

Ndinamusiya ali wamng'ono, ndikumumangira ndekha zingwe za nsapato. Dzuwa linali litafika pamutu, basi sidikira munthu. Ndinavula nsapato yanga, ndinati andipatse saizi yomweyo.

Ndinafika ku Park Station thukuta lili kamukamu, kondakitala akutseka kale kosungira katundu. Analandira nsapatozo monyinyirika.

Pobwerera ndinalira m'takisi, osasamalanso za anthu. Wakubayo sindimuda kwenikweni. Chimene chimandiwawa n'chakuti Tadala ndinabereka ndine, koma phazi lake linkadziwidwa ndi chingwe.