Mwakhudza Bishopu, Bambo

A Bakari anali telala pakhonde la sitolo ina pamsika wa Nkhotakota, osoka mikanjo ndi mayunifomu a ana asukulu. Kale anali katswiri wa bawo, koma atagula foni yamakono anatengeka ndi tchesi, bawo lija n'kulisiya osatsanzika.

Makina akangoima, ankayala bolodi pathebulo lodulira nsalu n'kumabwereza masewero a akatswiri akunja, kuloweza mayambidwe ake monga analowezera Kurani ku madrasa. Kachidole kamene ena amati bishopu, iwo ankati shehe. Panali njira imodzi yoyambira imene ankaikonda koposa, ndipo ankalakalaka kukaisewera kamodzi kokha pampikisano weniweni, osati ndi a Zaidi ogulitsa usipa, amene ankayendetsa kachidole ka hatchi ngati njinga ya kabaza.

Koma maso awo anali akupita. Matenda a shuga anali atawalowa, ndipo kuchipatala anawauza mosapsatira kuti kutsogolo kuli mdima. Ulusi pasingano ankawalowetsera ndi akazi awo a Sofiya, amene okha ankadziwa za vutoli. A Bakari ankabisa, poti telala wosaona angamupatse nsalu ndani? Pabolodi anazolowera kupapasa mitu ya zidole kuti azizindikire, ndipo a Zaidi ankangoti n'chizolowezi cha bawo, kumene chala chimayendera maenje munthu akamawerengera.

Atamva kuti ku Dwangwa kuli mpikisano, anadziwa kuti wotsatirawo sadzauona. A Sofiya anawachonderera kuti akauze oyendetsa mpikisano za maso awo. Iwo anakana kwamtuwagalu. Dwangwa si kutali, ndipo nkhani imakwera minibasi osalipira.

Atafika kumpikisanoko anawaika kuti asewere ndi Grey, kalaliki waulemu wake. Muholo munali mosawala bwino, zidolenso zinali zazing'ono kuposa zakwawo. Komabe masewero anayenda ndendende momwe analowezera, Grey akulowa yekha mumsampha. A Bakari anasangalala kwambiri. Kunangotsala kukankha kachidole kamodzi ka msilikali. Koma pamalopo ankangoona timithunzi tiwiri toyandikana, ndiye chala chinapita chokha kukafunsa.

"Pepani bambo," anatero Grey motsitsa mawu, "mwakhudza bishopu. Lamulo likuti muyendetse yemweyo."

Woyang'anira masewero anabwera n'kufunsa ngati panali vuto. Mawu amodzi okha, oti sindikuona, mwina akanawapulumutsa. Koma kumbuyo kwawo anamva chifuwa chimene ankachidziwa bwino, cha mphunzitsi wa ku boma amene ankawatumizira ana odzasoketsa mayunifomu.

"Palibe vuto," anayankha a Bakari.

Anamuyendetsa shehe uja, ndipo anadyedwa pomwepo. Msampha unaphwasuka, masewero n'kutha posakhalitsa. Masewero ena otsalawo sanawasewere. Anakwera minibasi yobwerera kwawo ndi manyazi ndi ukali.

Chinsinsi chimene anachigula modula chotero sichinakhalitse n'komwe. Dzinja lisanathe anasokera thumba la malaya chadodolido, msika wonse n'kudziwa. Makina anagulitsidwa.

Masiku ano amakhala pakhonde lakwawo, bolodi ili pamiyendo. Amayala zidole mopapasa mpaka masewero afike pamene anafika ku Dwangwa. Chala chimapeza msilikali uja osaphonya, n'kumukankha. Kenako amadikira, koma mbali inayo kulibe munthu woti ayankhe.